Mwana wa achemwali anabanika m'madzi ku Dziwe la Nkhalamba, chinachitika n'chiyani?

Bambo a Tadala:
Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Pali nkhani yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka nde ndati ndifunse kuno poti tili ndi anesi, aphunzitsi komanso anzathu okwera phiri. Mwana wa achemwali anga amakhala ku Nchalo, wangomaliza mayeso a Fomu 4 nde wabwera kudzacheza kuno ku Chitakale. Mnyamata wa zaka 19 wamphamvu zake, amamenya mpira ndipo kusambira amatha bwinobwino. Tinapita naye ku Likhubula kukaona Dziwe la Nkhalamba, dziwe la madzi ozizira otsika m'phiri la Mulanje, dzuwa linalipo ndithu ngakhale kamphepo ka July kamawomba. Tafika paja thukuta lili kamukamu iye kungovula malaya basi n'kudziponya mutu uli patsogolo. Abale, atatumphuka maso anali atatuzuka, kukamwa yasa, akukoka mpweya ngati wina wamugwira pakhosi, wamwa madzi, kutsokomola, manja akungomenya madzi koma osasuntha. Mwayi wake anali pafupi ndi mwala nde ndinamugwira mkono n'kumukoka. Atakhala pansi anati ankolo mtima ukugunda mosalongosoka, ukuthamanga kenako ukuchita ngati wadumpha. Patapita kanthawi anali bwino. Lolemba ndinapita naye kuchipatala anamuyeza BP, kumumvetsera pachifuwa, akuti palibe vuto. Nanga chinamugwira n'chiyani munthu wathanzi chonchi? Achemwali sindinawauzebe.

Madala a ku Chonde:
Mulungu wamupulumutsa mwanayo. Koma ananu muzidziwa kuti malo ngati amenewo ali ndi ulemu wake. Ife makolo anatiphunzitsa kuti sungofika n'kudumpha ayi, umayamba wakhala pamwala, kusamba m'manja, kuthira madzi miyendo, kenako n'kulowa.

Nesi wa ku Thyolo:
Pepani bambo a Tadala, munachita bwino kumukoka msanga komanso kupita naye kuchipatala. Zomwe mwafotokozazo ndi zodziwika ndipo zimagwira ngakhale munthu wathanzi, sikuti mwanayo ali ndi mtima wofooka ayi.

Pa Chichewa timangoti mitsempha zonse, koma pali ya magazi ndi ina yonyamula mauthenga kupita ku ubongo ndi kuchokera ku ubongo. Pakhungu pathupa pali timitsempha ta mauthenga tambirimbiri tomva kuzizira. Thupi lonse likalowa m'madzi ozizira nthawi imodzi timitsempha timeneti timakuwa tonse pakamodzi nde thupi limayankha iwe usanaganize n'komwe. Choyamba umakoka mpweya waukulu mosafuna, sungauletse olo utalimba mtima bwanji. Ngati nthawi imeneyo kamwa lili pansi pa madzi ndiye kuti wakoka madzi. Kenako umapuma wefuwefu, mtima umathamanga, mitsempha ya magazi ya pakhungu imafinyika nde BP imakwera poti mtima ukukankha magazi m'njira zopanikizika. Zimafika povuta kwambiri m'masekondi 30 oyamba kenako zimazilala pakatha mphindi imodzi mpaka zitatu. Munthu yemwe pamtunda amatha kugwira mpweya mphindi yathunthu, m'madzi otero olo masekondi 10 mwina sakwanitsa. Anthu ambiri omira m'madzi ozizira amamira mu kanthawi kameneka, thupi lisanazizire n'komwe mkati, ndipo ena amakhala akatswiri osambira.

Bambo a Tadala:
Eeh asisi ndakumvani, kubanika kuja ndaona ndi maso anga ndi momwemo ndithu. Koma za mtima kudumphazo ndi zomwe zikundiopsa kwambiri.

Nesi wa ku Thyolo:
Pamenepo pali chachiwiri. Madzi ozizira akakhudza nkhope, makamaka pachipumi, mozungulira maso ndi mphuno, iwe uli chigwirire mpweya, uthenga umapita ku ubongo n'kubwerera kudzera mu mtsempha wina waukulu dzina lake vagus, ndipo umauza mtima kuti chepetsa liwiro. Ndi nzeru yomwe thupi lili nayo yosungira mpweya munthu akamira, ngakhale madokotala nthawi zina amaika chinthu chozizira pankhope ya mwana yemwe mtima ukuthamanga mopitirira kuti ubwerere m'malo. Nde taganizani mwana wanuyo analowa ndi mutu. Khungu la thupi likuuza mtima kuti thamanga, nkhope ikuuuza kuti ima, mauthenga awiri otsutsana afika nthawi imodzi. Zili ngati wa kabaza wakoka mafuta kwinaku waponda buleki. Mtima umagunda mosokonekera kwa kanthawi. Kwa achinyamata athanzi ambiri zimatha zokha ngati momwe zinathera kwa iyeyo, koma kwa munthu yemwe ali ndi vuto la mtima lobisika zitha kumupha pompo.

Kabaza wa pa Limbuli:
Apo nde mwandifika pamtima anesi, njinga ukaitero imagwedezeka yonse ndipo utha kugwa nayo. Ndamvetsa tsopano

Aphunzitsi a ku Luchenza:
Ndionjezereko pang'ono pa zomwe anesi anena. Za mauthenga awiri otsutsanazi anazilemba akatswiri awiri a ku England, Michael Shattock ndi Mike Tipton, mu 2012, ndipo anati anthu ena omwe timangoti amira m'madzi ozizira mwina chinayamba ndi mtima. Ine ana anga a Biology ndimawaonetsa ndi beseni basi. Mmodzi amakhala pampando mnzake akumuwerenga kugunda kwa mtima padzanja, kenako amagwira mpweya n'kuviika nkhope yokha m'madzi ozizira masekondi ochepa, ndipo nambala imatsika ana n'kudabwa. Ukaviika dzanja lokha m'madzi a ayisi zimatembenuka, BP imakwera. Njira ya dzanjayi ndi yakale, madokotala Hines ndi Brown a ku Mayo Clinic ku America anayamba kuyezera nayo anthu mu 1932. Madzi omwewo, thupi lomwelo, koma yankho likudalira malo omwe akhudza.

China, madzi amachotsa kutentha m'thupi mwachangu pafupifupi ka 25 kuposa mpweya wozizira chimodzimodzi. Ndichifukwa chake utha kuima panja pa madigiri 15 utavala shati basi osadandaula kwambiri koma madzi a madigiri 15 amakubanikitsa.

Madala a ku Chonde:
Koma aphunzitsi ine ndikufuna nditsutseko. Ife tinakula tikusamba mumtsinje m'mamawa tisanapite kusukulu, July yemweyu, nkhungu ili tolo, sopo kulibe. Palibe anabanika chonchi. Kodi si kuti ana a masiku ano matupi ndi ofewa?

Nesi wa ku Thyolo:
Madala zomwe mukunenazo ndi zoona koma chifukwa chake si kufewa. Thupi limazolowera. Munthu akamalowa m'madzi ozizira kawirikawiri, ngakhale maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi a mphindi zochepa, kubanika kuja kumachepa pafupifupi ndi theka chifukwa ubongo waphunzira kuti usamachite mantha kwambiri ndi uthenga umenewo. Inu munkalowa tsiku ndi tsiku kuyambira muli ana. Mwana uyu wakulira ku Nchalo kotentha, madzi otsika m'phiri thupi lake silikuwadziwa, nde anafika ali thukuta khungu lili lotentha n'kulowa thupi lonse kamodzi. Ndipo tamverani zomwe mwanena poyamba zija, kukhala kaye pamwala, kuthira madzi manja ndi miyendo, kulowa pang'onopang'ono. Ife kuchipatala tinganene chimodzimodzi. Makolo anaziona zinthuzi.

Madala a ku Chonde:
Chabwino mwanawe ndamva. Nde tisatayetu mwambo umenewu.

Make Yamikani:
Ine langa ndi la zala asisi. Ndimagwira ntchito yotchola tiyi, nyengo ino ntchito imachepa koma masiku omwe tapita kukakhala chiperoni masamba onse ali chonyowa, pofika 7 koloko zala zauma gwa moti kansonga kaja sindikumva kuti ndakagwira kapena ayi, kumanga mfundo ya nsalu kulephera. Kenako zimafiira n'kuyamba kuwawa ngati moto, kenako kuziziranso. Azibambo odulira tiyi ndi mipeni ena amadzicheka osamva mpaka ataona magazi. Kodi ndi matenda a mitsempha akuyamba?

Nesi wa ku Thyolo:
Make Yamikani ngati zikubwerera mwakale mukafunda si matenda ayi. Kukazizira thupi limateteza kaye mtima, mapapo ndi ubongo, nde limatseka magazi opita ku zala kuti kutentha kusathawire kumeneko. Mitsempha ya mauthenga ikazizira imayendetsa uthenga mochedwa, minofu ya m'manja nayo imafooka, ndiye dzanzi lija ndi kulephera kumanga mfundo. Kufiira kuja ndi thupi likutsegulira magazi kanthawi kuti zala zisaonongeke kenako litsekanso, limachita mobwerezabwereza choncho, ndipo anthu ogwira ntchito m'madzi ozizira nthawi yaitali monga asodzi matupi awo amachita zimenezi msanga kuposa ena. Chomwe chimathandiza anthu sachiganizira, fundani pachifuwa ndi kumutu. Pakati pa thupi pakakhala pofunda magazi amaloledwa kufika ku zala. Pepala la pulasitiki lija mumavala m'chiuno lithandize kuti zovala zamkati zisanyowe, ndipo musapite kumunda ndi njala. Zala zikauma ziikeni m'khwapa, musaziyandikize pamoto zili dzanzi mutha kupsa osamva. Koma zikamayera mbuu ngati pepala kenako kubiriwira ngakhale kuzizira kuli kochepa, kapena dzanzi osachoka tsiku lonse, pitani akakuoneni, akayezenso shuga.

Make Yamikani:
Zikomo asisi. Za m'khwapa timachita kale koma za kufunda pachifuwa kuti zala zimve bwino nde ndaphunzira lero

Kabaza wa pa Limbuli:
Nane ndifunseko. Ndikanyamuka 4 koloko m'mawa kupita ku Muloza ndi kasitomala zala zimauma moti buleki ndimagwira mochedwa, nde zomwe mwanenazo ndaziona. Koma chifukwa chiyani kukazizira mkodzo umabwera pafupipafupi pomwe madzi sindinamwe ambiri? Komanso anzathu ena pa siteji amayamba ndi ka kachasu akuti kotenthetsa thupi, zimathandizadi?

Aphunzitsi a ku Luchenza:
Za mkodzozo achimwene, magazi aja achoka kukhungu asonkhana pakati pa thupi, nde thupi limaona ngati madzi achuluka, impso n'kuyamba kutaya. Mapeto ake umakhala ndi madzi ochepa m'thupi koma ludzu osalimva. Muzimwabe madzi kapena tiyi.

Nesi wa ku Thyolo:
Za kachasu ndikupemphani muwauze anzanuwo asiye. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu yomwe thupi latseka dala, magazi ofunda amathamangira kukhungu nde munthu amamva kutentha, koma kutentha kumeneko kukuchoka mkati kupita panja. Umachepetsanso kunjenjemera, pomwe kunjenjemera ndi mbaula ya thupi, minofu ikamanjenjemera kwambiri imatha kupanga kutentha kochuluka mpaka kasanu kuposa munthu atangokhala. Nde onjezerani kuti zala zachedwa kale ndi kuzizira, mowa uchedwetsenso ubongo, munthu ali pa njinga wanyamula mwana wa eni ake. Gulani magolovesi a pa kaunjika ndi jekete yosalowa mphepo. Ndipo poti ndatchula mbaula, chonde musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, utsi wake suoneka komanso sununkha koma umapha anthu ali mtulo.

Gaidi wa ku Likhubula:
Ndachedwa kulowa ndinali pamwamba pa phiri netiweki kunalibe. Bambo a Tadala zomwe mwaonazo ife timaziona kawirikawiri pa dziwe paja, makamaka magulu a achinyamata obwera pa basi, aliyense akufuna ajambulidwe akudumpha. Ine alendo anga ndimawauza kuti lowani ndi miyendo, imani madzi ali m'chiuno mpaka kupuma kukhazikike, mutu ukhale womaliza. Ndipo chinanso, ngakhale wadutsa mphindi zoyambazo usapite pakati n'kukhalitsa, manja ndi miyendo zimatha mphamvu pang'onopang'ono munthu n'kulephera kubwerera pomwe mutu ukuganiza bwinobwino.

Koma ine chomwe chimandiopsa kuposa dziwe ndi kumwamba. Anthu amanyamuka pansi pano dzuwa likuswa mtengo atavala tisheti, sadziwa kuti ukakwera mamita 1000 kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6, nde Sapitwa, nsonga yaitali ya phirili, ndi mamita 3002. Ku Chambe ndi ku Lichenya, pamwamba pa phiri pomwepo, miyezi ino m'mawa udzu umapezeka wayera ndi chisanu. Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique sichichenjeza, mphindi zochepa nkhungu yatseka, kamvula kowaza, mphepo, malaya anyowa kale ndi thukuta. Mukukumbuka mlendo wa ku Brazil uja mu 2009, anakwera ku Sapitwa yekha mwezi ngati uno, anamupeza patatha masabata atamwalira ndi kuzizira. Anali mnyamata wathanzi woyenda maiko ambiri.

Ine ndinaperekezapo gulu lina tikuchokera ku Chisepo, kanyumba kogonamo okwera ku Sapitwa, mnyamata mmodzi wamphamvu kuposa onse anakana kuvala jekete akuti akumva kutentha. Mvula itayamba ananjenjemera kwambiri, kenako ndinaona akupunthwa pamalo osavuta, zipi kulephera kukoka, ndikamufunsa akuyankha mochedwa mawu ake ngati waledzera, ndipo anayamba kukwiya akuti ndisiyeni ndikhale pansi ndipume. Anzake ankaona ngati ndi matama. Ndinamulowetsa kuseri kwa mwala, kumuvula zonyowa, kumuveka juzi yanga youma ndi chipewa, kumukulunga, kumupatsa tiyi wa shuga wambiri wa mu fulasiki. Patapita nthawi anayambanso kuyankhula zomveka koma zambiri zomwe ananena sankazikumbuka.

Nesi wa ku Thyolo:
Achimwene munamupulumutsa ameneyo. Zomwe munaonazo ndi ubongo ukuzizira. Thupi mkati limakhala pa madigiri 37, likatsika pansi pa 35 ndiye vuto layamba. Kupunthwa, kulephera kugwira zinthu, mawu olobodoka, kusokonezeka maganizo, ndipo choopsa n'choti mwini wakeyo sazindikira chifukwa chiwalo chomwe chikanamuchenjeza ndi chomwe chagwidwacho. Munthu akadali wozizira koma wasiya kunjenjemera musaganize kuti wapeza bwino, ndiye kuti zafika poipa, cha pansi pa madigiri 32 kunjenjemera kumayamba kutha, mtima umagunda pang'onopang'ono, ena amafika povula zovala akuti akumva kutentha. Wotero musamuyendetse, musamutikite manja ndi miyendo, mugonekeni chogona ndipo mumunyamule mosamala chifukwa mtima wozizira ukagwedezeka umasokonekera msanga. Fundisani pachifuwa, m'khwapa ndi kumutu kaye. Chakumwa mupatseni pokhapokha ali maso ndipo akutha kumeza. Kenako kuchipatala.

Gaidi wa ku Likhubula:
Za kutikitazo ndinkalakwitsa asisi, ndimaona ngati ndikuthandiza. Ndiwauza anzanga ma gaidi ndi ma pota mawa. Ngakhale pa Porters Race, mpikisano wothamanga m'phiri uja, othamanga akamaliza timawauza asinthe malaya msanga, munthu wathamanga phiri lonse koma akaima ndi zonyowa amayamba kunjenjemera milomo kuda.

Mtsikana wa ku Bvumbwe:
Nde anesi mukutanthauza kuti kusamba madzi ozizira ndi koipa? Ine ndinayamba mu May nditaona pa TikTok, anthu akulowa m'madiramu a ayisi akuti zimalimbitsa mtima, zimachotsa stress komanso sudwala chimfine. Kunena zoona ndikasamba ozizira m'mawa mutu umayera ndipo kuwerenga kumalowa. Ndinkafunanso ndiwayambitse mayi anga poti ali ndi BP mwina ingatsike

Nesi wa ku Thyolo:
Iwe mwana wanga pitiriza ngati ukumva bwino, kusamba ndi kapu kapena shawa sikufanana ndi kudziponya m'dziwe. Kuyera mutu kuja ndi kwenikweni, kuzizira kumachititsa thupi kutulutsa noradrenaline wambiri, mchere wa m'thupi wogalamutsa munthu, nde umakhala tcheru. Koma mayi ayi chonde usawayambitse. Madzi ozizira amakweza BP nthawi yomweyo, kwa iwe imatsika yokha pakapita kanthawi, kwa iwo yakwera kale nde ukuonjezera pamwamba. M'maiko ambiri matenda a mtima ndi sitiroko amachuluka nyengo yozizira. Mayi uziwatenthetsera madzi, asambe dzuwa litatuluka, ndipo mankhwala awo asadumphitse miyezi ino. Chimodzimodzi wa matenda a mtima, wa khunyu, agogo ndi makanda. Khanda silitha kunjenjemera ngati wamkulu, ndichifukwa chake obadwa masiku asanakwane timawaika pachifuwa pa mayi awo khungu kwa khungu, kangaroo ija.

Aphunzitsi a ku Luchenza:
Za chimfinezo, ku Netherlands mu 2016 anachita kafukufuku wa anthu opitirira 3000, omwe ankamaliza kusamba ndi madzi ozizira anajomba kuntchito chifukwa cha matenda mochepa ndi 29 pa 100 alionse, koma masiku omwe ankamva kudwala sanasiyane ndi anzawo. Nde ankadwalabe, kungoti ankalimba n'kupita kuntchito. Ine ndimaona kuti a pa TikTok amakokomeza. Ndipo chenjezo limodzi mwana wanga, mavidiyo ambiri amenewo amatsatira Wim Hof, amene amaphunzitsa kupuma mofulumira kambirimbiri kenako kugwira mpweya. Zimenezo usadzachitire m'madzi kapena pafupi ndi madzi. Kupuma kotero kumachotsa chizindikiro chomwe chimakuuza kuti puma tsopano, nde utha kukomoka osamva chilichonse. Pamphasa udzuka, m'madzi sudzuka. Alipo anafa choncho.

Mtsikana wa ku Bvumbwe:
Ayi mayi ndawasiya, ndiziwatenthetsera. Zikomo kuti mwandiuza ndisanachite

Bambo a Tadala:
Abale ndathokoza nonse, mnyamata ndamupatsa foni wawerenga yekha zonse ndipo wakhala chete nthawi yaitali. Achemwali ndiwaimbira madzulo ano ndiwafotokozere, tsopano ndili ndi mawu oti ndiwauze. Iye akufunsa kuti kodi angabwererenso kumadziko asanapite kwawo, akuti sakufuna kuchoka ndi mantha. Ine mtima ukukana. Anesi mukuti bwanji?

Nesi wa ku Thyolo:
Mufunseni kaye zinthu ziwiri, ndipo muwafunsenso achemwali anuwo. Kodi anayamba wakomokapo akusewera mpira kapena akusambira? Kodi kubanja la bambo ake kapena kwanu alipo anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono popanda matenda odziwika? Ngati yankho ndi eya pa chimodzi mwa izi asalowe, mupite naye akamujambule mtima ndi ECG chifukwa pali mavuto ena obadwa nawo omwe kumvetsera pachifuwa kokha sikuonetsa. Ngati ayi atha kupita. Masiku ano azisamba ozizira pakhomo kuti thupi lizolowereko. Akafika apume kaye thukuta liume, alowe ndi miyendo pamalo osaya, aime mpaka kupuma kubwerere, nkhope aiviike pomaliza, mphindi zochepa atuluke. Akatuluka apukute ndi kuvala msanga ngakhale akumva bwino, chifukwa mkati mwa thupi mumapitirizabe kuzizira kwa kanthawi munthu atatuluka kale, nde kunjenjemera kwenikweni kumabwera pambuyo.

Gaidi wa ku Likhubula:
Ngati mayankho ali bwino bwerani naye Loweruka, ndilibe alendo. Tinyamuke cha m'ma 10 kuti tikafike dzuwa litakwera. Ndikamuonetsa mbali yosaya yolowera ndipo ine ndikaima naye m'madzimo. Mutenge thaulo, juzi youma ndi tiyi mu fulasiki. Kukacha ndi chiperoni tisintha tsiku.

Bambo a Tadala:
Za kukomoka akuti sizinamuchitikirepo. Za kubanja la bambo ake ndifunsa achemwali madzulo ano nde ndikuuzani achimwene mawa m'mawa.